Papa Asasanduke Phala: Lilime Lathu ndi Chitaliyana

Ndikupempha akuluakulu athu pamodzi ndi anzanga a m'seminale kuti tiganizirepo zopatula mphindi zochepa mlungu uliwonse zophunzira katchulidwe ka Chitaliyana, kuyambira Fomu 1. Sindikunena za galamala yonse ayi, kapena zoti tiwonjezere phunziro lina pamwamba pa mtolo umene mayeso a MANEB atisenzetsa kale. Ndikunena za lilime, milomo ndi mano basi: m'mene tingatulutsire makonsonanti a chilankhulochi, aja timawatcha malembo opanda liwu m'kalasi la Chichewa. Ndiponso ndikuti tiwaphunzire pochokera ku Chichewa chathu, osadzera ku Chingerezi, poti Chingerezi pa nkhani imeneyi chimasocheretsa munthu.

Ndikudziwa kuti ena ayamba kale kuseka. Chitaliyana chatani kuno ku mapiri a Dedza, kumene Chingerezi chokha chimatitulutsa thukuta ngakhale mu June? Komatu Chitaliyana tili nacho kale m'kamwa, kungoti sitidziwa. Chilatini chimene timaimba pa Misa za masiku aakulu timachitchula motsata a ku Roma, ndipo katchulidwe kameneko n'ka Chitaliyana. Mu 1912 Papa Pius X analemba kalata kwa Arkiepiskopi wa ku Bourges, m'dziko la France, yolimbikitsa kuti Chilatini cha m'tchalitchi chizitchulidwa monga amachitira ku Roma, ndipo pang'onopang'ono maiko ambiri anatsata zimenezo. N'chifukwa chake liwu lakuti Agnus timati "anyus", caeli timati "cheli", gratia timati "gratsia", ndipo Regina timati "rejina". Mnyamata wa kwaya amene amatchula bwino mawu anayiwa wagwira kale makonsonanti anayi a Chitaliyana, ngakhale palibe amene anamuuza.

Mayina a oyera nawo ndi omwewo. Cecilia Woyera, nkhoswe ya makwaya, kwawoko amati "Chechilia". Chiara wa ku Assisi ndi "Kyara". Giovanni Bosco ndi "Jovanni", Luigi Gonzaga ndi "Luiji Gondzaga". Palinso Maria Goretti, ndi Carlo Acutis amene Papa Leo XIV anamuika m'gulu la oyera pa 7 September 2025. Sindikuti tikafike kumudzi n'kukayamba kuitana azakhali athu a Sisiliya kuti a Chechilia. Dzinalo linakhala kale lathu ndipo likhale choncho. Koma wophunzira za unsembe ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri.

Ataliyana enieniwo sali patali. Ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku dera la Bergamo agwira ntchito zaka zambiri ku Balaka ndi ku Mangochi, ndipo episkopi woyamba wa Dayosizi ya Mangochi, Ambuye Alessandro Assolari, anali mmodzi wa iwo. Kuli ansembe a Comboni, kuli asisitere a Canossa. Dzina lija la Andiamo limene timaliwona ku Balaka ndi liwu la Chitaliyana lotanthauza "tiyeni". Tsono pali njira ya ku Roma. Wina mwa ife akadzadutsa ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, episkopi wake angathe kudzamutumiza ku Urbaniana kapena ku Gregoriana kukawonjezera maphunziro. Kumeneko maphunziro ambiri ndi a m'Chitaliyana, mayeso ambiri ndi apakamwa, ndipo nthawi ya Khrisimasi ndi Pasaka ansembe ophunzirawo amapita kukathandiza m'maparishi, kukalalika ndi kukamvera anthu olapa. Munthu amakafika kumeneko ali ndi zaka zopitirira 30, lilime litauma kale, n'kupatsidwa miyezi yochepa yoti aphunzire chilankhulo.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti Mchewa amayamba ulendowu ali patsogolo pa Mngerezi. Malembo a liwu a Chitaliyana amalembedwa asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka mofanana kwambiri ndi athu, kupatula kuti e ndi o aliyense ali ndi mitundu iwiri. Pafupifupi mawu onse amathera ndi lembo la liwu monga m'Chichewa, ndipo ambiri amatsindikidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto monganso ife timachitira. Mawu ngati amico, domani ndi parola sangamuvute mwana wa Sitandade 2.

Ngakhale makonsonanti amene azungu ena amalira nawo, ife tinabadwa nawo. Lembo la z m'Chitaliyana limamveka pawiri: nthawi zina ngati ts wa mu tsiku, monga mu grazie, nthawi zina ngati dz, monga mu zero. Munthu amene kwawo ndi ku Dedza angavutike bwanji ndi dz? Tili naye m'dzina la boma lathu lomwe. Gn ndi ny wathu wa mu nyumba, choncho signore ndi "sinyore". Lembo la g likatsogozana ndi e kapena i limamveka ngati j, ndiye angelo ali ndi nj yemweyo wa mu njala. Sc akatsogozana ndi e kapena i ndi sh wa mu shuga. Lembo la h silimveka n'komwe.

Pali mwayi wina umene ambiri sauzindikira. M'Chichewa timasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Kusiyana kwake ndi kampweya kamene kamatuluka pa ph ndi kh. Kuno kwathu tingathe kukaona ndi maso: tulukani panja m'mamawa wa mu July, nenani khola, muona kautsi kakutuluka m'kamwa mwamphamvu; nenani kola, kautsiko kachepa. Chingerezi chimaika kampweya kameneko pa p, t ndi k wa kumayambiriro kwa mawu, n'chifukwa chake pen amamveka ngati "phen". Chitaliyana sichitero. Pane, kutanthauza buledi, ali ndi p wa mu pala. Casa, nyumba, ali ndi k wa mu kola. Tavola, tebulo, ali ndi t wa mu tenga. Mngerezi amatha miyezi akuyesetsa kuchotsa kampweyako. Ife tingouzidwa kamodzi kuti "tchulani p, osati ph", basi tamva. Koma tikamaphunzira kudzera m'buku lolembedwera Angerezi, kapena tikamaganiza kuti chilankhulo chilichonse cha azungu chiyenera kumveka ngati Chingerezi, timanyamula vuto la eni ake n'kuliika pa mutu pathu.

Pa c ndi ch ndiye zinthu zinatembenuzika. Ife ch timamuwerenga monga mu chala. Mtaliyana ch amamuwerenga k: chiesa, tchalitchi, ndi "kyeza", ndipo che ndi "ke". Kamvekedwe kathu ka ch iye amakalemba ndi c yekha patsogolo pa e kapena i, monga mu ciao, cena ndi Francesco. Apa agogo athu angatipose, chifukwa kalembedwe ka Chichewa kasanasinthidwe mu 1973, mabuku ambiri ankalemba Cinyanja, cinthu, cabwino, ndipo ku Zambia amalembabe choncho. Agogo atapatsidwa liwu lakuti cinema angaliwerenge molondola Chitaliyana. Angagwe pa casa ndi cosa pokha, popeza c akatsogozana ndi a, o kapena u amabwerera kukhala k. Limeneli ndi vuto la maso chabe, ndipo limatha pa mlungu umodzi.

Vuto la lilime lenileni ndi l ndi r. M'Chichewa awiriwa ndi munthu mmodzi wovala malaya awiri. Lamulo la kalembedwe limati tilembe r pambuyo pa i ndi e, monga mu mbiri ndi pemphero, ndipo l pena paliponse, koma pakamwa palibe amene amasamala. Wina anene kulila, wina kulira, onse akumveka. Choncho khutu lathu silinaphunzire kumva kusiyanako, ndipo chimene khutu silimva lilime silingachipange. M'Chitaliyana kusiyanako kumasintha tanthauzo. Lana ndi ubweya wa nkhosa, rana ndi chule. Wofuna juzi yofunda asamale chimene akupempha. Liwu lomaliza m'pemphero la Atate Athu pa Chitaliyana ndi male, kutanthauza choipa. Mare ndi nyanja yamchere. Wansembe wa ku Malawi, dziko limene silikhudza n'komwe nyanja yamchere, atha kutsogolera mpingo wonse kupempha Mulungu kuti awapulumutse ku nyanja.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa koposa ndi kolona. Liwuli linachokera ku corona, kutanthauza chisoti chachifumu kapena nkhata ya maluwa, ndipo Ataliyana amaligwiritsabe ntchito ponena za kolona yopempherera. Makolo athu analilandira n'kulikonza kuti likwane m'kamwa mwawo, ndipo anachita bwino. Koma m'Chitaliyana muli liwu lina, colonna, lotanthauza chipilala. Mukaima pa bwalo la St Peter's ku Roma n'kufunsa kumene mungapeze kolona yoti mukapatse amayi kumudzi, wina angakulozereni zipilala 284 zimene Bernini anazunguliza bwalolo.

Mankhwala ake alipo. R mmodzi wa pakati pa mawu, monga mu caro, sali kutali ndi wathu: nsonga ya lilime imangogunda kamodzi kuseri kwa mano a m'mwamba n'kuthawa, monga timachitira mu mbiri. Amene tiyenera kumuphunzira ndi l weniweni. Pa iyeyu lilime limafika pamalo pomwepo koma limakhazikika, mpweya n'kumadutsa m'mbali, moti mungathe kumukoka kwa nthawi yaitali osaduka. Ngati simungamukoke, ndiye kuti mukunena r. Kenaka pali rr wonjenjemera wa mu terra ndi guerra. Mwana aliyense amene anathamangapo ndi chiwongolero cha waya akuyerekeza njinga yamoto anamupangapo kale. Chatsala n'kumulowetsa m'mawu. Ndipo ntchito iyambire pa khutu: wina anene male kapena mare atatembenukira ku bolodi, enafe tilembe chimene tamva. Masiku oyamba theka la kalasi lidzalakwa, palibe chodabwitsa.

Vuto lachiwiri, limene ine ndimaliona ngati lalikulu kuposa onse, ndi makonsonanti apawiri. Chingerezi chinatiphunzitsa kuwanyalanyaza. Mu letter, happy ndi dinner malembo awiri aja ndi okongoletsa chabe, amamveka ngati limodzi. M'Chitaliyana lembo likalembedwa kawiri limatchulidwa motalika, ndipo mawu ambirimbiri amasiyana pa chokhacho. Nono ndi wachisanu n'chinayi, nonno ndi agogo aamuna. Sete ndi ludzu, sette ndi 7. Pena ndi chilango kapena ululu, penna ndi cholembera. Caro ndi wokondedwa, carro ndi ngolo. Capello ndi tsitsi, cappello ndi chipewa. Anno ndi chaka, koma mukachotsapo n mmodzi latsala liwu limene sindingalimasulire m'magazini imene makolo athu amawerenga. Ingodziwani kuti munthu wofunira anzake chaka chabwino ayenera kusamala. Ndipo papa ndi Atate Oyera, papà wotsindika kumapeto ndi bambo wokubala, pomwe pappa ndi phala la mwana wakhanda.

Chimene chimatipinga apa ndi chizolowezi chomwe chija chimatithandiza pena. Ife timakoka lembo la liwu la pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati "nyuumba", "muunda". Mtaliyana nayenso amakoka motero pamene konsonanti yotsatira ili imodzi, n'chifukwa chake sete amatituluka bwino osavutikira. Koma konsonanti ikakhala yapawiri, iye amafupikitsa lembo la liwu, nthawi yotsalayo n'kuipereka kwa konsonanti. Ife tikaona sette timakokabe e, ndiye timapempha ludzu m'malo mwa 7.

Komabe sitikuyambira pa chabe. Nenani m'mawa, m'mudzi, m'mene. Milomo imatsekeka, n'kukhala kaye yotseka, kenaka n'kutseguka. Ameneyo ndiye mm wa mu mamma ndi Gemma. Polankhula mofulumira timafupikitsa ndinali kukhala "n'nali", ndipo ameneyo ndiye nn wa mu nonno ndi Giovanni. Pa pp, tt ndi cc njira ndi yomweyo, kungoti nthawi yodikirayo imakhala ya zii: tsekani milomo pa "pap", werengani kamodzi mumtima, tsegulani pa "pa". Oimba ng'oma m'kwaya amamva zimenezi msanga kuposa anzeru a masamu, chifukwa ndi nkhani ya kugunda kwa nthawi.

Zotsalazo n'zazing'ono. Timakonda kulowetsa lembo la liwu pakati pa makonsonanti ogundana, monga tinachitira popanga sukulu, sitolo ndi Petulo, ndiye scuola, strada ndi Pietro amafuna kusamala. Koma lilime limene limatha kunena ntchentche ndi mphamvu lisaope strada. Gli wa mu figlio ndi famiglia m'Chichewa mulibe. Woyandikira ndi ly wa anzathu a Chiyao akamati kulya. B ndi d wathu wa mu bambo ndi dala timamukokera m'kati, pomwe wa Chitaliyana amatulukira kunja ngati b wa mu mbale, koma ngakhale osakonza zimenezi munthu amamveka ndithu.

Tsopano za otsutsa, poti alipo ndipo si opusa. Ena akuti nthawi kulibe, ndipo mwa anyamata amene amayamba Fomu 1 ndi ochepa amene amafika pa unsembe, mwa ochepawo si onse amene adzaone Roma. Zoonadi. Koma taonani chimene tikupempha: mphindi 15 pa mlungu, mwina zodula pa nthawi ya kwaya, popeza phindu loyamba ligwera kwaya yomweyo. Ndiponso mnyamata amene waphunzira kusiyanitsa male ndi mare wasiyanitsanso pray ndi play, ndipo tonse tikudziwa kuseka kumene kumabuka wina akaitana anthu kuti asewere pamene amafuna kuti apemphere. Amene wamvetsa chifukwa chake pane alibe kampweya sadzaiwalanso h polemba phiri ndi khasu pa mayeso a Chichewa. Ngakhale amene adzasiye seminale n'kukakhala mphunzitsi kapena dokotala sadzataya kanthu.

Ena ali ndi mfundo yolemera kuposa imeneyi. Akuti kodi kumeneku si kuchita manyazi ndi lilime lathu? Mpingo unatilola kupemphera m'chinenero chathu, ku Mua kuli Kungoni kuyambira 1976 kumene amatiphunzitsa kulemekeza chikhalidwe cha makolo, tsono ife tibwererenso kukatsanzira azungu? Amishonale ambiri anakalamba nafe akunena ngombe m'malo mwa ng'ombe, ndipo sitinawathamangitse. Ndikuvomereza zonsezi, ndipo n'chifukwa chake sindikupempha kuti tizimveka ngati tinabadwira ku Firenze. Chiyambire October 1978 apapa onse anayi ndi obadwira kunja kwa Italy: ku Poland, ku Germany, ku Argentina ndi ku United States. Usiku wa pa 16 October 1978, Papa John Paul II, amene anadzafika kuno ku Malawi mu May 1989, anauza khamu la anthu kuti akalakwitsa Chitaliyana amukonze, ndipo liwu lakuti "mudzandikonza" lomwelo analilakwitsa. Anthu anangomuombera m'manja. Kalankhulidwe ka kwanu si tchimo.

Koma pali kusiyana pakati pa kumveka kuti ndiwe mlendo ndi kunena chinthu china chimene sumafuna kunena. Mmishonale akati ngombe timamva, poti palibe chinthu china chotchedwa ngombe. Akasokoneza kola ndi khola pa ulaliki, ana a kutsogolo amayamba kugwedezana, ndipo mfundo ya tsikulo yapita. Timamukhululukira, inde, koma uthenga sunafike. Ndiponso tonse timadziwa ulemu umene timapereka kwa mlendo amene anadzivutitsa mpaka kutchula ng'ombe, ntchito ndi pswipswi monga ife. Timati ameneyu ndi wathu. Agogo a m'parishi ya kumudzi ku Italy nawonso ali ndi makutu ngati agogo a ku Bembeke. Tsono njira imene ndikunenayi siinyoza Chichewa. Imayamba ndi kufunsa kuti m'Chichewa muli chiyani kale, ndipo kawirikawiri yankho limakhala lakuti muli zambiri. Ine ndinayamba kuona kulemera kwa ts, dz, ph ndi m'm wathu pamene ndinawaika pambali pa a eni ake.

Chifukwa chiyani Fomu 1, osati ku Kachebere? Akulu anati m'mera mpoyamba. Mawu ndi galamala munthu amaphunzira pa msinkhu uliwonse, koma khutu ndi lilime zimafewa pa ubwana. Kumva kusiyana kwa l ndi r uli ndi zaka 13 n'kosavuta kusiyana ndi kukumva uli ndi zaka 33, pamene mutu wadzazanso ndi Malamulo a Mpingo ndi nkhawa ya mayeso.

Aphunzitsi ake tili nawo. M'madayosizi athu muli ansembe amene anaphunzira ku Roma, ndipo ena amabwera kudzatichezera kapena kudzatsogolera m'bindikiro. Abambo athu, tikupempha kuti pa ulendo wotere mutipatseko kotala la ola, mutitchulire mawu awiriawiri tikumvetsera. Pa Lamulungu Papa amalankhula Chitaliyana chodekha pa pemphero la Angelus nthawi ya 12 koloko masana ya ku Roma, imene kuno imakhala 12 koloko yomweyo kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, ndi 1 koloko miyezi yotsalayo. Kujambula mphindi zisanu zokha n'kutimvetsera m'kalasi kungakwane. Bolodi ndi choko zilipo. Mlungu woyamba tingayambe ndi male ndi mare, lana ndi rana; wachiwiri nono ndi nonno, sete ndi sette; ndipo papa ndi pappa tiwasungire tsiku limene Ambuye Episkopi adzatiyendere.